Maola Awiri a Che Tahiru

Che Tahiru sanalowepo m'kalasi, koma kwa zaka makumi atatu panalibe munthu kuno ku Mecanhelas wodziwa kutalika kwa malo kuwaposa. Ine Efraimu ndaphunzitsa ana mapu ku Insaca mpaka imvi mbuu, ndipo ndikunena izi popanda nsanje. Mapu anga amanena makilomita. Che Tahiru ankanena maola, ndipo ukatsata maola awowo sunkagona panjira.

Ntchito yawo inali yonyamula nsomba zouma pa njinga. Ankachoka kumudzi kwawo m'mphepete mwa Chiuta atamanga madengu a matemba ndi milamba yowamba mpaka njinga osaoneka, n'kukatula ku Insaca kapena ku Entre Lagos. Shapa, timagalimoto tathu tonyamula anthu tija, ankakwera pokhapokha zitavuta. Ankati chinthu chimene chimanyamuka chikafuna chokha sichiyenera munthu wamkulu, pomwe njinga imanyamuka iwe ukanyamuka. Anali munthu wamakani, wouma mutu ngati chitsa, ndipo akakwiya ankalankhula Chiyao chokhachokha ngakhale akudziwa kuti iwe sukumva.

Ukawafunsa kuti kwakutikwakuti n'kutali bwanji, sankayankha msanga. Ankayamba akuyang'ana miyendo, kenako kumwamba, kenako n'kufunsa ngati upita ndi mwana kumsana.

"Inuyo ndi miyendo imeneyo, maola anayi. Ikagwa mvula asanu ndi limodzi, chifukwa padambo paja mukavula nsapato."

Lamulo lawo linali limodzi: ulendo umawerengedwa kuchokera pakhomo mpaka pakhomo. Tsiku lina ndinayesa kuwaphunzitsa za makilomita. Anandimvetsera bwinobwino, kenako anafunsa kuti, "Apulofesoro, kilomita yapamchenga ndi yapaphula n'chimodzimodzi?" Ndinati inde. Iwo anati, "Ndiye ndi yabodza," n'kukwera njinga yawo.

Tinadziwana ku Malawi, kothawa nkhondo. Mu 1986 zinthu zitafika poipa, Che Tahiru anali mnyamata wa zaka makumi awiri, ndipo anawoloka malire atagwira dzanja la mlongo wawo wamng'ono, Mastura. Mayi awo anali ndi mwendo wotupa, sakanatha kuyenda. Anawasiya kwa achibale ena n'kuwalonjeza kuti abweranso kudzawatenga ndi machira. Njira inatsekeka asanabwerere. Mayiwo anamwalira chaka chotsatira, ndipo uthenga unawapeza ana awo patapita miyezi isanu, kuchokera kwa munthu wogulitsa mchere amene anangoutchula ngati nkhani yocheza. Kuchokera pamene tinkakhala kukafika pakhomo pa mayiwo anali maola asanu ndi awiri wapansi. Che Tahiru ankawatchula maola amenewo kawirikawiri, nkhope ili gwa.

Mastura ndiye zinamupweteka kwambiri, ndipo kuti mumvetse muyenera kudziwa mwambo wa anzathu achisilamu a kunyanjaku. Munthu akamwalira sagonetsedwa masiku, amaikidwa tsiku lomwelo kapena mawa lake. Mtembo wa mayi amausambitsa ndi amayi okhaokha, ndipo mwana wamkazi wa malemuyo amakhala pomwepo, kuthira madzi, kupesa tsitsi, kuona nkhope komaliza asanakulunge sanda, nsalu yoyera ya maliro. Kumanda akazi sapita. Amaperekeza jeneza, chonyamulira mtembo chija, mpaka pamtengo wa mango uli kumapeto kwa mudzi, n'kubwerera. Choncho mwana wamkazi akaphonya kusambitsa, waphonya zonse. Mastura anaphonya, ndipo mpaka lero palibe amene akudziwa kuti mayi awo anawasambitsa ndani.

Titabwerera kwathu mtendere utadza, Mastura anakwatiwa n'kubereka anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi, Safiya. Mwamuna wake anamira pa Chiuta mtsikanayo akuyamwa. Kuyambira Safiya ali kamwana, mayi ake ankamuloza pamaso pa aliyense n'kunena kuti, "Uyu ndiye adzandisambitse." Anthu ankaseka, ena n'kumudzudzula kuti akudziitanira imfa. Che Tahiru okha sankaseka.

Ndiye mu Okutobala 2022 kunatulukira Rashidi. Anali mnyamata wa ku Cuamba, woyendetsa galimoto ya bwana wina ku Maputo, waulemu, wodziwa kugwada, nsapato zonyezimira ngakhale fumbi la kwathu lili tolotolo. Sindinamukonde kuyambira tsiku loyamba, koma ndisaname, chifukwa chenicheni ndinalibe. Kwathu kuno mwamuna ndiye amadzamanga kwa mkazi. Wofuna kutenga mkazi n'kupita naye kwina amapempha kwa malume, amene anzathuwa amati anjomba. Anjomba a Safiya anali Che Tahiru. Anandiitana kuti ndidzakhalepo pa zokambiranazo, ati chifukwa ndine wa mapu, ndipo mnyamatayo asadzawanamize.

Tinakhala pamkeka kuseri kwa nyumba ya Mastura, iye atakhala chapatali pang'ono ndi amayi anzake. Rashidi atamaliza kupempha, Che Tahiru sanazungulire.

"Maputo ayi. Mwana uyu ali ndi ntchito pano imene sangagwire munthu wina. Ine ndikudziwa anthu amene anapita ku Maputo pa basi, anagona panjira kawiri. Mayi ake akagwa lero, iye adzafika titadya kale sadaka."

"Anjomba," anatero Rashidi motsitsa mawu, "zimenezo n'zakale. Masiku ano kuli aviyau, ndege ija. Kuchoka ku Maputo kufika ku Nampula ndi maola awiri basi."

"Angati?"

"Awiri, anjomba. Ine ndinakwerapo ndi abwana anga. Tiyi amene anatipatsa sindinamalize n'komwe, tinali titafika."

Che Tahiru anatembenukira kwa ine. "Apulofesoro, mwana uyu akunditenga ngati chitsiru?"

Apa ndi pamene ndinalowa m'nkhaniyi, ndipo ndikakumbukira ndimafuna kudzimenya mbama. Ndinatulutsa foni monyada, ndinalemba mayina a mizinda iwiriyo, ndipo yankho linabwera lili ndi kachithunzi ka ndege ndi mzere wowongoka bwino. Makilomita pafupifupi 1,400. Maola awiri ndi mphindi khumi. Ndinawerenga mokweza ngati ndikuwerenga m'tchalitchi, ndipo ndinamva kukoma kuti anthu onse akundiyang'ana.

Che Tahiru anatenga foniyo n'kuyang'ana mzerewo nthawi yaitali. Sadziwa kuwerenga, koma mzere wowongoka anauona. Kenako anatola kamtengo n'kuyamba kulemba mizere pansi, monga ankachitira nthawi zonse.

"Aviyau, awiri. Nampula mpaka Cuamba, msewu waphula uja, asanu ndi limodzi. Cuamba mpaka Insaca, atatu, koma nthawi ya mvula tiike asanu. Insaca mpaka pano pa njinga yamoto, limodzi." Anawerenga mizereyo kawiri. "Khumi ndi anayi. Sakukwana n'tsiku lomwe."

Kenako anafunsa funso limene likundisowetsa tulo mpaka pano.

"Nanga aviyauyo akadzaza?"

Rashidi anayang'ana pansi. Ine ndinatsegula pakamwa. Koma Che Tahiru anadziyankha okha, akugwedeza mutu ngati munthu amene wafunsa zopusa.

"Iyayi, zimenezo si nkhani. Wamaliro sasiyidwa."

Ndipo kwathu kuno n'zoona. Shapa ingadzaze bwanji, anthu atapanikizana mpaka wina mwendo uli pawindo, akabwera munthu n'kunena kuti akupita kumaliro a mayi ake, malo amapezeka. Wina amatsika n'kudikira yotsatira, kapena kobradoro, wotolera ndalama uja, amapereka malo ake n'kulendewera pachitseko. Palibe amene analemba lamulo limeneli, ndipo palibe amene analiswapo ine ndikuona. Che Tahiru sankaganiza kuti pansi pa thambo pali chokwera chimene chingasiye mwana wamasiye pasiteji.

Ine ndinkadziwa. Sindinakwerepo ndege, koma ndinawerenga mokwanira kudziwa kuti mmenemo mulibe zopanikizana, kuti mpando uliwonse uli ndi dzina la munthu, kuti siinyamuka ola lililonse. Rashidi ankadziwa kuposa ine. Tonse awiri tinakhala duu. Iye ankafuna mkazi, ndiye kukhala chete kwake ndikukumvetsa ngakhale sindikukhululukira. Nanga ine ndinkafuna chiyani? Sindinkafuna kuwononga tsiku labwino. Ndinaona Safiya akusuzumira pakhomo maso akuwala, ndinaona kuti Mastura ndi mayi wamphamvu wosadwaladwala, ndipo ndinati mumtima, aa, imfa ikadali kutali. Uphunzitsi wanga wonse unathera pamenepo.

Mastura anafunsa kamodzi kokha, ali pomwe anakhalapo.

"Achimwene, mwawerenga bwino?"

"Ndawerenga, mlongo wanga. Khumi ndi anayi, khomo ndi khomo. Ukadzagona m'mawa, m'bandakucha wa mawa lake mwana ali pano. Ndikulonjeza ine Tahiru."

"Ngati mwawerenga ndinu, apite."

Ukwati unachitika, Safiya anapita pa basi ndi mwamuna wake, ndipo Che Tahiru anasanduka mlaliki wa ndege. Pamsika pa Insaca ankaimitsa anthu n'kuwafunsa kuti, "Kodi mukudziwa kuti ku Maputo n'kufupi kuposa ku Cuamba?" Anyamata anawapatsa dzina loti Che Maolawiri, iwo n'kumalikonda. Ndege ikadutsa m'mwamba kwambiri, kusiya kamzere koyera, ankatsika pa njinga n'kuiyang'ana mwaulemu mpaka itazimiririka. Nthawi zonsezi ndinali nawo, tinkamwa tiyi limodzi Loweruka lililonse. Mwayi wowauza zoona ndinali nawo kokwana zana, ndipo sindinaugwiritse ntchito ngakhale kamodzi.

Mu Febuluwale 2024, mvula ili pakati, Mastura anadwala malungo Lamlungu. Lolemba anati akupezako bwino, anakana zopita kuchipatala, anaphika n'kuphika. Lachiwiri m'ma eyiti koloko m'mawa anagwa pakhomo akuchokera kumjigo, ndipo pomwe amamunyamula anali atapita kale.

Uthenga unandipeza kusukulu. Ndinasiya ana ndi mnzanga n'kukwera njinga yamoto. Ndinapeza Che Tahiru ataima pabwalo, osalira, atamuimbira kale Safiya. Atandiona anatambasula dzanja.

"Apulofesoro, ndibwerekeni wotchi yanu."

Ndinavula n'kuwapatsa. Anaimanga pamkono, n'kundiuza kuti ndiwasonyeze pamene muvi udzakhale maola khumi ndi anayi akakwana. Ndinawasonyeza.

Shehe wa pamudzipo, munthu wofatsa amene anakula limodzi ndi Che Tahiru, anabwera kudzanena kuti manda akumbidwa, maliro aikidwe ikatha swala, pemphero lawo la madzulo. Che Tahiru anakana. Shehe anawakumbutsa kuti chipembedzo sichilola kusunga mtembo popanda chifukwa, komanso kuti kunja kukutentha ngakhale mvula ikugwa. Che Tahiru sanatsutse. Anangotenga njinga yawo ija, ya madengu, n'kuipingasa pakhomo la nyumba imene munali mtembo.

"Mwana ali m'njira. Madzi asakhudze mlongo wanga mpaka iye atafika. Mawa masana muike, sindidzakuletsani."

Anthu anang'ung'udza, koma shehe anavomera. Onse pamudzipo ankadziwa za lonjezo lija, ndipo achikulire ankakumbukiranso za mayi awo.

Maola khumi ndi anayi anakwana, anapitirira. Kutacha Lachitatu, Safiya anaimba. Ndinali pafupi, ndipo Che Tahiru anandipatsa foni kuti ndiikweze mawu.

"Uli pati, mwanangu? Wadutsa Cuamba?"

"Anjomba, ndikadali ku Maputo."

Sanamve. Anafunsanso, ndipo Safiya anabwereza akulira. Anali pabwalo la ndege kuyambira dzulo lake. Ndege ya m'mawa inali itanyamuka uthenga usanamupeze. Ina inalephereka. Ya Lachitatu inali yodzaza chifukwa anthu a ndege yolepherekayo anawaika mmenemo. Mpando woyamba wopezeka unali wa Lachinayi madzulo. Rashidi anali atayendayenda m'maofesi onse, akuti mpaka anagwada.

"Kodi wawauza kuti ndi maliro a mayi ako?"

"Ndawauza, anjomba."

"Ndiye akuti chiyani?"

"Akuti pepani."

"Iwe sunanene bwino. Ndipatse kobradoro wa aviyauyo ndilankhule naye ndekha."

Ndinafuna kuwaletsa, koma ndikanayambira pati? Safiya anapereka foni kwa mayi wina wa pawindo logulitsira matikiti. Che Tahiru Chipwitikizi chawo n'cha pamsika, chongokwanira kutchula mitengo ya nsomba, ndiye ine ndinakhala womasulira. Sindinagwirepo ntchito yonyansa ngati imeneyo.

"Muuzeni kuti mwanayu sakufuna mpando. Aima. Maola awiri okha, aima."

Ndinamasulira. Mayiyo anayankha mwaulemu kwambiri kuti m'ndege saloleza kuima.

"Akhale pa katundu. Akhale pansi pakati pa mipando. Ndi wochepa thupi, satenga malo."

Mayiyo anati sizingatheke, ndi lamulo la chitetezo.

"Ndiye alowe mmenemo afunse anthuwo. Anene kuti pali mwana wamkazi mmodzi yekha, mayi ake agona osasambitsidwa kuyambira dzulo. Wina atsika. Mwa anthu onsewo sipangalephere kupezeka mmodzi wobadwa kwa mayi."

Ndinamasulira liwu ndi liwu. Mayiyo anati akumva chisoni kwambiri, nayenso mayi ake anamwalira, koma alibe mphamvu yotsitsa munthu amene ali ndi tikiti, ndipo dzina la Safiya walilemba pa mndandanda wa odikira, lili pa nambala seveni. Anati pali anthu ena pamzere, n'kubweza foni.

Che Tahiru anandiyang'ana.

"Apulofesoro, mwamasulira bwino?"

"Ndamasulira bwino, Che Tahiru."

"Mwanena kuti ndi maliro?"

"Ndanena."

"Inu munkadziwa kuti aviyau amasiya wamaliro?"

Ndikanatha kunama. Anthu anali atatizungulira, amayi ali pakhonde, shehe ali poteropo. Ndinati, "Ndinkadziwa."

Sananditukwane. Ndikanakonda akananditukwana m'Chiyao chawo chija mpaka dzuwa kulowa. Anangoyang'ana wotchi yanga pamkono pawo, n'kuyang'ananso ine, ngati akuona munthu wachilendo amene wasochera pamaliro a eni.

Dzuwa litakwera, mayi wina wachikulire anatuluka m'nyumba muja n'kukanong'oneza shehe. Panalibe chofunsa, tonse tinali titayamba kumva fungo. Shehe anapita kwa Che Tahiru, anawagwira paphewa n'kunena motsitsa kuti, "Tahiru, tsopano tikumulakwira Mastura." Che Tahiru anapita okha pakhomo paja, anachotsa njinga, anaikankha mpaka kuseri kwa nkhokwe, ndipo kumeneko ndi kumene tinawamva akulira. Amayi anayi a pamudzi analowa ndi ndowa. Masana Mastura anaikidwa.

Ndakhala ndikufunafuna woti ndimukwiyire, ndipo ndapeza ambiri. Rashidi, amene ananena zoona zokhazokha n'kusiya zoona zimene zikanamumanitsa mkazi. Anthu amene amalemba manambala aja pa foni, amene amayeza ulendo kuchokera pamene matayala achoka pansi mpaka pamene agundanso pansi, ngati kuti munthu amakhala pabwalo la ndege, amabadwira pomwepo, mayi ake amafera pomwepo. Mzere wawo wowongoka uja sudutsa padambo, sudikira Lachinayi. Ndimakwiyira msewu wathu umene mvula ikangogwa umasanduka phala chaka ndi chaka. Mayi wa pawindo uja yekha ndiye ndimalephera kumukwiyira, ngakhale ndayesetsa. Koma ndikamaliza kuzungulira konseko ndimabwerera kwa mphunzitsi wa mapu amene anaitanidwa kuti mkulu wosaphunzira asanamizidwe.

Safiya anakwera ndege Lachinayi madzulo, yekha, chifukwa mpando unali umodzi. Anagona ku Nampula. Lachisanu anafika ku Cuamba masana, n'kukwera shapa ya ku Insaca. Shapayo inali yodzaza, koma atanena kuti ndi wamaliro, mnyamata wina anatsika osafunsa n'dzina lomwe. Inakatitimira m'matope pakati pa njira, ndipo anthu anagona momwemo. Loweruka m'mawa anafika ku Insaca pa thirakitala ya munthu wina.

Che Tahiru anakana kuti akwere njinga yamoto. Anapita okha kukamutenga, atachotsa madengu n'kumanga katsamiro pakaliyala. Ine ndinali pamudzi pomwe amafika, dzuwa lili pamutu, onse awiri matope mpaka m'mawondo. Amayi anayamba kulira, koma Safiya sanalowe m'nyumba. Anapitirira mpaka pamtengo wa mango uja, pamene akazi amabwererera, n'kuima kuyang'ana njira ya kumanda. Che Tahiru anamutsatira, ine n'kutsatira iwo chapatali.

"Anjomba, anawasambitsa ndani amayi?"

Anamutchulira mayina anayi aja, limodzi ndi limodzi, pang'onopang'ono, kuti asadzaiwale.

"Tsitsi anawapesa?"

"Sindikudziwa, mwanangu. Ine ndine mwamuna, sindinalowe."

Safiya anakhala pansi pamizu ya mtengowo. Che Tahiru anamasula wotchi yanga, anandiitana ndi dzanja osandiyang'ana, n'kundifunsa kuti kuyambira Lachiwiri m'mawa mpaka tsopano apita maola angati. Ndinawerenga, n'kuwauza kuti zana limodzi. Anandibwezera wotchiyo.

Kuyambira tsiku limenelo Che Tahiru satchulanso maola. Nsomba akunyamulabe, njinga ndi yomweyo, koma mlendo akawaimitsa pamsewu n'kufunsa kuti ku Entre Lagos n'kutali bwanji, amati, "Sindidziwa, funsani a foni," n'kupitirira. Tiyi wa Loweruka anatha. Tikakumana pamsika amandipatsa moni wonse bwinobwino, kufunsa za kunyumba ndi za ana, ndipo ulemu umenewo umandipweteka kuposa chitonzo.

Koma pamtengo paja, tisanabwerere kumudzi, anafunsa funso limodzi lomaliza. Ndikuganiza kuti ankafuna kupeza bodza penapake, kuti akhale ndi chinthu chogwira. Anagwada pafupi ndi Safiya.

"Tandiuza, mwanangu. Aviyauyo, utakwera, anatenga maola angati?"

Safiya anapukuta maso ndi nsonga ya mpango wake wamatope.

"Awiri, anjomba. Awiri ndi mphindi khumi."